Munali Kuti Pamene Nthaka Inagwedezeka?

Mtembo unali pansi pa dzenje la chikepe, utafunditsidwa chipepala cha pulasitiki chovindikirira simenti. Kaputeni Zaure Ospanova, mayi wapolisi wofufuza milandu, anagwada nkuvundukula kumutu. Malemuyo anali bambo wachikulire, waimvi, wankhope ya Chikoreya, magalasi akadali pamphuno ngakhale mbali imodzi inali itasweka.

"Anatoliy Khegai," anatero munthu amene anaima kumbuyo kwake. "Injiniya wodzayendera. Si wa kampani yathu ayi, ankatumidwa kudzaona ngati tikumanga zimene zinajambulidwa. Ine ndine Rinat Abdrashitov, woyang'anira ntchito yonse pano. Pepani, Kaputeni, takudzutsani pampando chifukwa cha ngozi wamba."

Zaure anayang'ana kumwamba. Dzenjelo linakwera ngati kholingo, nsanjika pamwamba pa nsanjika, mpaka kuwala kunangotsala kadontho. Nyumba ya Altyn Shyn inali yayitali kuposa zonse za mbali imeneyo ya Almaty, ndipo mwezi wotsatira anthu amayembekezera kulandira makiyi.

"Mwadziwa bwanji kuti ndi ngozi?"

"Chivomezi chija chamasana," anayankha Rinat msangamsanga. Anali munthu wosalala, wonunkhira, nsapato zake zosongoka zikuwala pakati pa matope. "Madalawa ankakonda kusuzumira paliponse. Ine ndinali mu ofesi mwanga umo," analoza kontena yobiriwira pafupi ndi geti, "ndiye pansi panayamba kuyenda ngati bwato, uku ndi uku, pang'onopang'ono, mpaka mutu unandizungulira. Ngati ine zinanditero, nanga munthu wamkulu chonchi ataima pakamwa pa dzenje?"

Zaure sanamve chivomezi chilichonse tsiku limenelo. Anangomva pa wailesi kuti nthaka yagwedezeka kutali, kuseri kwa mapiri. Koma masana onse anali m'galimoto, ndipo galimoto imameza zinthu zotere.

Anapisa m'matumba a jekete la malemuyo. Munali makiyi, foni yosweka galasi, sipanala yaikulu, ndi kansalu kopukutira thukuta komanga mfundo. Atamasula mfundoyo anapeza mchenga wouma, woyera, wodzaza dzanja.

Rinat anaseka pang'ono. "Mchenga m'thumba la injiniya. Mawa mudzapeza ufa pa malaya a wophika buledi."

"Wophika buledi samanga ufa m'kansalu," anatero Zaure. "Inuyo munakwera liti komaliza kumwambaku?"

"Sabata yatha. Ndili ndi anthu a ntchito imeneyo, nsapato izi si zokwerera." Anatsitsa mawu. "Sindikonda miseche, Kaputeni. Koma dzulo madalawa anatukwanizana ndi Ulan, woyendetsa kireni. Bwalo lonse linamva."

* * *

M'chisakasa chodyeramo amisiri munkanunkha anyezi ndi mafuta a nkhosa. Wophika, mayi wonenepa dzina lake Marfuga, anamukhazika Zaure pabenchi asanafunsidwe kanthu, nkumuikira tiyi wamkaka ndi mbale ya baursak, timandasi takumeneko.

"Idyani, mwananga, mwauma ngati mtengo wa magetsi. Kodi kwanu kulibe wokuphikirani? Eee, a Khegai, a Khegai! Munthu wosalankhula. Ankakhala pakona apo okha, nkhope kukhoma, kudya supu wawo, kutsuka okha mbale. Ndinkawauza kuti, bambo, bwerani kuno kuli anthu. Iwo ankangomwetulira. Lero sanabwere nkomwe."

"Munamva chiyani, apai?" anafunsa Zaure, pomuitana mwaulemu monga amaitanira mayi wamkulu kumeneko.

"Ndinali kugawa pulovu, mpunga wanyama, anthu onse ali pamzere. Tinangomva kuti phii! ngati thumba la simenti lagwa. Palibe anadzuka, pano zinthu zimagwa tsiku lililonse. Tinadziwa titatha kudya."

"Nanga chivomezi?"

Marfuga anaima, chipande m'manja. "Chivomezi chiti? Ine ndimamva chivomezi ngakhale ndili m'tulo, mwananga, ndinabadwira muno. Mphika wa supu unali wodzaza mpaka pakamwa, sunatayike ndi dontho lomwe. Inu anyamata, alipo anamva chivomezi lero?"

Amuna amene anatsalira pamabenchi anapukusa mitu. Wina anati chivomezi chake chimamudikira kunyumba, ndi apongozi ake, ndipo anzake anaseka mwamanyazi, pokumbukira kuti panja pali maliro.

Ulan anali kumapeto kwa benchi, chimunthu chachitali cha manja ngati mafosholo. Sanadzuke.

"Ndikudziwa amene wakutumani," anatero. "Inde, tinakangana. Lembani."

"Munakangana chiyani?"

"Amafuna ndiwatsitsire chitsulo chimodzi cha kumwamba, mwa zofiira zija. Ndinati popanda mawu a bwana Rinat sinditsitsa. Anati ndine wamantha. Ndinawayankha zoipa. Basi."

"Amachifuniranji?"

"Sananene."

"Bwana munawauza?"

"Lero m'mawa. Anati ndisiye, akambirana okha."

"Nthawi ya nkhomaliro munali kuti?"

"Anali pano," Marfuga analowerera, "anadya mbale ziwiri, nkupempha yachitatu. Ameneyu akanapha anzake ndi njala, osati ndi manja."

Ulan anayang'ana pansi. "Sindinawapepese," anatero, osauza aliyense.

Potuluka, Zaure anayeza ndi maso mtunda wochoka pachisakasacho kufika pa kontena yobiriwira. Munthu akanatha kuponya supuni nkumenya chitseko chake.

* * *

Khegai ankakhala m'nyumba zakale za boma, kumunsi kwa mzinda, kumene utsi umakhazikika dzuwa likamapendeka. Zaure anatsegula ndi makiyi a m'thumba aja. Munali mwaukhondo moti anachita kuvula nsapato pakhomo ngakhale panalibe womuona.

Kukhitchini kunali tebulo laling'ono ndi mpando umodzi. Kambale ka tiyi kamodzi kanali kovundikira pa kansalu. Mufiriji munali botolo la kaloti wothira tsabola ndi theka la buledi. Pakhoma panali chithunzi cha mtsikana atavala mkanjo wa omaliza maphunziro, ndipo mayi wa khomo loyandikana, amene analankhula chitseko atangochitsegula pang'ono, anati mwanayo anapita ku Korea kalekale, mkazi anamwalira, ndipo alendo sankabwera.

Zaure anakhala pampando uja. Anazindikira kuti unayang'ana kuzenera, monga mmene wake kunyumba unayang'anira, kuti munthu azidya akuona magalimoto m'malo moona khoma. Mwamuna wake anachoka mwana ali kusukulu. Mwanayo tsopano ankagwira ntchito ku zitsime za mafuta, kunyanja, ndipo ankaimba foni pa zikondwerero. Zaure ankadziwa bwino kuti m'nyumba zotere firiji imamveka ngati ikulankhula.

Anaimba nambala ya ku Korea imene anaipeza m'foni yoswekayo. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi.

Kenako anayang'ana amene malemuyo analankhula naye komaliza. Linali dzina limodzi lokha, m'mawa wa tsiku lomwelo: Kairbek Tleuov.

* * *

Polofesa Tleuov anamulandira m'mawa mwake m'kachipinda kodzaza mapepala okulungidwa, kumalo kumene amayeza zivomezi. Anali nkhalamba yowonda, yosamva khutu limodzi, yolankhula mokweza ngati ili kutsogolo kwa kalasi. Za imfayo anali atamva kale. Maso ake anali ofiira.

"Tinaphunzira limodzi," anatero. "Iye ankakhoza, ine ndinkalankhula. Funsani, mwana wanga."

"Agai," anatero Zaure, pomuitana mwaulemu monga amaitanira bambo wamkulu, "ndiuzeni ngati mukuuza mwana. Ntchito ya a Khegai pa nyumba ija inali yotani?"

"Kale tinkamanga buku la malamulo lili m'manja. Chipilala chinenepe chonchi, zitsulo zikhale zakuti, basi, wamaliza. Koma nyumba zazitali ngati ija buku silizikwanira. Ndiye masiku ano timayamba ndi lonjezo. Chivomezi chaching'ono chikabwera, ngakhale galasi lisasweke. Chapakati chikabwera, ming'alu ioneke, koma anthu agone momwemo. Chachikulu, chonga chimene chinagwetsa mzinda uno m'masiku a agogo athu, nyumba iwonongeke ndithu koma isagwe, anthu atuluke ndi miyendo yawo. Tikatero timaigwedeza pa kompyuta ndi zivomezi zakale, kuikonza, kuigwedezanso, mpaka lonjezo litagwira. Anatoliy ndi amene amayenera kusayina kuti nyumba imene yaima ndi yomweyo imene tinaigwedeza."

"Nanga zitsulo zofiira za kumwamba?"

"Ndi pamene lonjezo lonse lapachikidwa! Ndi migolo yachitsulo, mkati muli mafuta olimba ngati uchi. Nyumba ikapendekera uku, mtengo wachitsulo umakankha mafutawo kudzera m'timabowo, ndiye mphamvu ya chivomezi imathera mmenemo. Nchifukwa chake zipilala za nyumba ija nzowonda, eni ake amafuna zipinda zazikulu. Chotsani migoloyo, mwatsala ndi bango."

Zaure anatulutsa kansalu kaja nkukamasula patebulo.

Nkhalambayo inayang'ana mchengawo nthawi yaitali. Inautapa ndi zala ziwiri, nkuusiya ugwe.

"Anandiimbira dzulo," inatero, mawu atatsika. "Anati, Kairbek, nyumba ija ikuyenda kwambiri ndi mphepo, ndikukatsegula mgolo umodzi ndione. Ndinamuuza kuti adikire tipitire limodzi. Anati anthu akulandira makiyi mwezi wamawa, adikira chiyani." Inapukuta zala pa buluku. "Migolo yeniyeni imachokera kunja, ndi yodula koopsa. Mgolo wopanda kanthu aliyense angauwotcherere kuseri kwa msika. Ukathiramo mchenga umalemera, ukaupenta umakongola."

"Chivomezi cha dzulo munachimva, agai?"

"Ine? Pansanjika yachiwiri pano? Ayi. Makina athu okha." Anatembenuza kompyuta kumuonetsa mzere wopindikapindika. "Chinachokera kutali kwambiri. Mafunde a chivomezi chakutali amafika atatopa, aataliatali, aulesi. Nyumba zazifupi sizimawamva nkomwe. Koma yayitali imawalandira ngati nyimbo yake, imayamba kuvina pang'onopang'ono. Onse amene anatiimbira dzulo anali a m'nsanjika zapamwamba."

"Munthu ali pansi penipeni, m'kontena, angamve ngati ali m'bwato?"

"M'kontena?" Polofesa anatembenuza khutu lakumva. "Ameneyo angamve njala yokha."

Zaure anamanganso mfundo ya kansaluko.

"Valani jekete lotentha, agai," anatero. "Kumene tikupita kuli mphepo."

* * *

Anakwera pa chikepe cha amisiri, chija chokwawa kunja kwa khoma, chimene aliyense amayendetsa yekha ndi batani. Munali anthu anayi: Zaure, Polofesa, Sajeni Bolat wa ku polisi, ndi Rinat, amene analankhula njira yonse. Anati kampani ilipira maliro, anati a Khegai anali ngati bambo ake, anati kumwamba kuno anthu adzamwa tiyi akuyang'anizana ndi chipale chofewa cha pamapiri. Mzinda unatsika mpaka magalimoto anasanduka nyerere pansi pa utsi.

Pansanjika imene anatsikira panalibe mazenera, mphepo inkangodutsa. Migolo yofiira inali itapingasa pakati pa zipilala, uliwonse waukulu ngati thunthu la mtengo. Fumbi la simenti linali paliponse, kupatula pansi pa mgolo wa pafupi ndi dzenje la chikepe. Pamenepo panali posesa.

"Amisiri anu ndi aukhondo," anatero Zaure. "Amasesa malo amodzi okha."

Pa chitsekerero cha mgolowo penti inali itakalika. Sajeni anaikapo sipanala ya malemu, ndipo inalowa ngati inabadwira pomwepo. Anapotokola kawiri. Mchenga unayamba kutuluka, woyera, wouma, nkumaunjikana pansi kuti waa, osaleka.

Polofesa anavula chipewa.

"Mulungu wanga!" anafuula Rinat, manja kumutu. "Atinamiza! Ogulitsa aja atinamiza! Kaputeni, ndikupatsani mayina awo lero lomwe, ine ndinalandira katundu womata, ndikanadziwa bwanji zamkati?"

"Mwina simukanadziwa," anatero Zaure. "Za migolo adzakufunsani ena. Ine ndabwera pa nkhani ya imfa ya munthu. Ndiuzeninso za chivomezi cha dzulo."

"Ndinakuuzani kale."

"Ndine wamutu wouma. Munali mu ofesi."

"Inde."

"Pansi panayenda ngati bwato."

"Inde, ndatero!"

"Marfuga anali ndi mphika wodzaza supu pafupi ndi chitseko chanu, sunatayike. Amuna onse anali pamabenchi, palibe anamva. Agai, auzeni."

"Pansi palibe anachimva mumzinda wonse uno," anatero Polofesa, akuyang'anabe mchenga. "Chinamveka kumwamba kokha. Ndipo pamwamba pa nyumba yopanda migolo yeniyeni chinamveka kuposa kwina kulikonse."

Rinat anayesa kuseka. "Mwina ndinasokoneza. Ndinamva pa wailesi, mutu unadzaza ndi ngoziyi..."

"Wailesi inati nthaka yagwedezeka. Sinanene za bwato, sinanene za chizungulire. Zimenezo amadziwa ndi amene anali pamalo ngati pano." Zaure anayenda mpaka pakamwa pa dzenje, pamene thabwa lotchinga linali litathyoka, nkuloza pansi. Tsache silinafike m'mphepetimo. Pafumbi panali mapazi a nsapato zikuluzikulu za kuntchito, ndipo pakati pawo panali phazi lina, lopyapyala, losongoka kutsogolo. "Munati simunakwere kuno chiyambire sabata yatha. Mapazi a sabata yatha mphepo iyi inawafufuta kale. Pondani pambali pake tione."

Rinat sanasunthe. Nthawi yomweyo mphepo inawomba mwamphamvu kuchokera kumapiri, ndipo Zaure anamva pansi pakuchoka pang'onopang'ono kupita kumanzere, pakuima, pakubwerera. Rinat analumpha kuchoka kudzenjeko nkukumbatira chipilala ndi manja onse awiri, nkhope ili mbuu.

"Chonchi?" anafunsa Zaure.

"Kuposa apa," anatero Rinat, maso ali otseka. Atazindikira zimene wanena, anatsetsereka nkukhala pafumbi, buluku lake labwino osalisamalanso.

Analankhula akuyang'ana pansi. Anati Ulan atamuuza, anakwera nthawi ya nkhomaliro kuti akangokambirana. Anawapeza a Khegai atatsegula kale, akumanga mchenga m'kansalu. Anawapempha, anawalonjeza kuti migolo yeniyeni ibwera chaka chamawa, anthu atalowa, mwakachetechete. Madalawo anangoti, "Nanga chikabwera mwezi wamawa?" nkuyamba kupita ku chikepe. Rinat anawagwira jekete. Analimbana. Kenako nyumba inayamba kuyenda.

"Sindinawakankhe," anatero. "Nyumba ndi imene inayenda. Ndinangowasiya."

"Munawasiya, kenako munatseka mgolo, nkutenga tsache."

"Mukuganiza kuti ndinali ndekha? Mukudziwa amene ali pamwamba panga? Mawa lomwe akuchotsani pa mlanduwu, Kaputeni. Mudzathera kumudzi mukulondola nkhosa zobedwa."

"Nkhosa ndimazikonda," anatero Zaure. "Sajeni, amangeni."

* * *

Atatsika, Polofesa anapita pambali kukaimba mafoni, akufuula m'khutu la wina kuti malo onse atsekedwe lero, osati mawa. Sajeni anamulowetsa Rinat m'galimoto. Amisiri anaima patali m'timagulu, osayandikira. Zaure anatsala yekha pageti.

"Pepani, mwananga, ndinu a pano?"

Anali bambo wokalamba, wovala chipewa cha kumudzi ndi jekete la paukwati, tepi yoyezera ili m'manja. Anati dzina lake ndi Seitkali, wachokera ku Kegen pa basi ya m'mawa. Iye ndi mkazi wake anagulitsa nyumba ndi ziweto zonse kuti akhale pafupi ndi chipatala, chifukwa mayiyo impso zikuwavuta. Chipinda chawo chili m'mwamba ndithu, kumene kulibe utsi. Amutuma kudzayeza mazenera, mayi akufuna kuyamba kusoka makatani.

"Mlonda akundikaniza," anatero akumwetulira mwaulemu. "Ndingolowa pang'ono, sindikhudza kanthu. Akuti ndi nyumba yolimba kuposa zonse mumzinda muno. Anationetsa pa kanema ikugwedezedwa, osagwa."

Zaure anatsegula pakamwa kuti anene zimene apolisi amanena, kuti afunse ku ofesi ya kampani, kuti adzalengeza. Anayang'ana tepi ija, yatsopano, mtengo wake ukadali womata.

"Agai, musalowe," anatero. "Musadzalowetsenso amayi, ngakhale atakupatsani makiyi. Zimene munaona pa kanema si zimene anamanga."

Bamboyo anamuyang'ana nkhope, nkuyang'ana nyumbayo kuyambira pansi mpaka pamwamba, mutu utagadama. Anabwerera m'mbuyo pang'ono nkukhala pa mulu wa njerwa m'mbali mwa msewu, tepi ili pamaondo.

"Ndikawauza chiyani?" anatero.

Sajeni analiza hutala, koma Zaure anamupatsa chizindikiro ndi dzanja kuti azipita. Anasesa fumbi panjerwa ndi chikhatho, nkukhala pambali pa mkuluyo.